Utsi wa pa nyanja ndi umbuli wosadzidziwa

Amene tidakulira m'mphepete mwa nyanja ku Salima timaudziwa mtambo wakuda umene nthawi zina umaimirira pamwamba pa madzi, kutali ndi gombe la Senga Bay. Mlendo akauona amafunsa kuti kukupsa chiyani pakati pa nyanja. Naye David Livingstone, poyenda pa nyanjayi m'chaka cha 1861, adauyesa utsi wa tchire, mpaka ngalawa yake italowa mumtambomo ndi pamene adazindikira kuti ndi tizilombo touluka tosawerengeka. Ife timati nkhungu, ndipo abale athu ena a m'mbali mwa nyanja amazikola n'kuchita ndiwo.

Maso a mlendoyo ali bwinobwino, ndipo chimene akuonacho chilipodi. Pamene wapunthwa ndi pa dzina limene wachipatsa mofulumira. Akafunsa msodzi, umbuli wake utha nthawi yomweyo. Koma akabwerera ku Lilongwe n'kukalumbira kuti wadzionera yekha moto pa madzi, palibenso amene angamubweze, pakuti ali ndi umboni wa maso ake.

Ma ulama akale adaugawa umbuli pawiri. Woyamba adautcha jahl basit, umbuli wamba wa munthu amene sadziwa, koma akudziwa kuti sadziwa. Ameneyu mankhwala ake ndi funso basi. Wachiwiri adautcha jahl murakkab, umbuli wosanjikizana: munthu sadziwa, sadziwanso kuti sadziwa. Ife tikuona kuti umbuli wachiwiriwu ndi umene ukutipweteka kwambiri kuno kunyanja, chifukwa mwiniwake amauyesa nzeru ndipo safuna mankhwala.

Imam Al-Ghazali, mmodzi mwa akuluakulu a madh-hab a Imam Shafi'i amene ambiri a ife timatsata, adalimbana ndi nkhaniyi mumtima mwake. Adabadwira ku Tus, m'dziko limene lero ndi Iran, m'chaka cha 1058, adaphunzitsa pa sukulu yotchuka ya Nizamiyya ku Baghdad, ndipo adamwalira mu 1111. M'buku lake la Al-Munqidh min al-Dalal akufotokoza za nyengo ya pafupifupi miyezi iwiri imene adakayika chilichonse chimene ankachiyesa chodziwika. Adayambira pa maso. Chithunzithunzi cha chinthu padzuwa chimaoneka ngati chaima, koma ukabweranso patapita kanthawi umapeza chasuntha, ndipo chakhala chikusuntha pang'onopang'ono nthawi yonseyo. Nyenyezi imaoneka ngati kandalama kachitsulo, pamene masamu amasonyeza kuti ndi yaikulu kuposa dziko lapansi. Maso amatinamiza pa zinthu zoyenda pang'onopang'ono ndi pa kukula kwenikweni kwa zinthu.

Zitsanzo ziwirizi zili pakhomo pathu. Tiyambe ndi madzi a m'nyanja. Ukaima pagombe m'mawa kukalibe mwera, umaona mchenga ndi timiyala pansi pa madzi, ndipo mtima umati madzi oyera chonchi sangadwalitse munthu. Mliri wa kolera umene udayamba ku Machinga mu Malichi 2022 udafalikira dziko lonse ndi kupha anthu oposa 1,700, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja monga Mangochi ndi Salima adali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Kachilombo koyambitsa kolera sikaoneka ndi maso. Kamachoka m'chimbudzi cha wodwala n'kulowa m'madzi, ndipo madziwo amakhalabe oyera mbee. Makolo adanena kale kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mayi amene adati sindidziwa chimene chili m'madzimu, nathira klorini kapena kuwiritsa, adateteza ana ake. Amene adakhulupirira maso ake adamwetsa banja lake matenda ndi mtima woyera.

Chitsanzo cha chithunzithunzi chosuntha pang'onopang'ono ndi nsomba. Msodzi akayang'ana kukula kwa nyanja amati nsomba sizingathe, ndipo lero silisiyana kwenikweni ndi dzulo. Koma funsani agogo a ku Chikombe kapena ku Lifuwu za kukula kwa chambo chimene ankagwira ali anyamata, muyerekeze ndi chimene chili pamsika wa Kamuzu Road lero. Kusinthaku sikuoneka m'tsiku limodzi. Kumaonekera kwa amene wayang'ana zaka zambiri ndi kusunga m'mutu zimene adaona. Ndi chifukwa chake timalemekeza zimene zimachitika pa chilumba cha Mbenje, m'dera la Senior Chief Makanjira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a kumeneko amatseka usodzi pa chilumbachi m'miyezi ya dzinja, kuyambira Disembala, kuti nsomba ziswane, ndipo amatsegulanso dzinja likatha. Sadadikire kuti utaka uthe kaye kuti akhulupirire. Adaona zaka zikudutsa, adayerekeza, ndipo adamvera zimene nzeru idawauza ngakhale maso ankati nyanja njodzadza.

Pali umbuli wina wosanjikizana umene sudzera n'komwe m'maso mwathu, koma m'makutu. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidagwedeza Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, ndipo anthu osalakwa adaphedwa popanda umboni uliwonse woti wina adapopedwa magazi. Pa nthawi ya kolera mphekesera zidamvekanso zoti achipatala ndiwo akufalitsa matendawa, ndipo odwala ena adabisidwa m'nyumba mpaka madzi atatha m'thupi. Lero mawu ojambulidwa pa WhatsApp amachoka ku Chipoka n'kufika ku Khombedza tisanamalize kumwa tiyi, ndipo aliyense wowatumiza amati wamva kwa munthu amene adadzionera yekha. Qur'an yolemekezeka, mu Surah Al-Hujurat ndime 6, ikutilamula kufufuza nkhani yobwera ndi munthu wosadalirika tisanachitepo kanthu, ndipo chifukwa chimene ikupereka ndi chomwechi: kuopa kuvulaza anthu mwaumbuli kenaka n'kudzanong'oneza bondo.

Wina atha kufunsa kuti, ngati maso amanama ndipo makutu amanama, tikhulupirire chiyani? Kodi sitisanduka anthu okayika chilichonse, okana ngakhale dokotala ndi sheikh? Funsoli ndi loyenera, ndipo Al-Ghazali adafika pomwepo, mpaka kukayika nzeru yeniyeniyo, poganiza kuti munthu wolota naye amakhulupirira maloto ake kufikira atadzuka. Koma iye sadamange nyumba m'chikayikomo. Akunena kuti adachira ndi kuwala kumene Allah adaika mumtima mwake, nabwereranso kudalira nzeru, nayamba kusanthula magulu a ofuna choonadi limodzi ndi limodzi. Kukayika kwa wofuna choonadi kumam'tuma kukafunsa ndi kukayesa. Wokayika achipatala chifukwa cha mawu a pa foni sakufufuza kanthu. Wangosintha womukhulupirira, kusiya woyeza madzi ndi makina n'kutsata munthu amene ngakhale dzina lake salidziwa.

Njira yofufuzira tili nayo kale. Akatswiri a Hadith, monga Imam Bukhari, sankalandira mawu asanadziwe kuti wawanena ndani, adawamva kwa yani, ndipo kodi awiriwo adakumanadi. Mafunso atatu omwewa akwanira kuyesa uthenga uliwonse wofika pa foni yathu. Imam Malik wa ku Madina, mphunzitsi wa Imam Shafi'i, amakumbukiridwa chifukwa choyankha kuti sindidziwa pa mafunso ambiri amene anthu ankamubweretsera kuchokera kutali, ndipo ulemu wake sudachepe. Tikupempha aphunzitsi a m'madrassah ndi a m'sukulu zathu kuti asamuseke mwana wonena kuti sadziwa, pakuti mwana wosekedwa amaphunzira kunamizira kudziwa, ndipo akakula amakhala safunsa uja adadya phula. Tikupemphanso ma sheikh athu kuti pa khutbah ya Jumu'ah azitikumbutsa kuti kutumiza uthenga wosaufufuza ndi kuuchitira umboni.

Abale ndi alongo, dzinja likubwera chaka chilichonse, ndipo limabwera ndi matenda a m'madzi pamodzi ndi mphekesera zake. Tisanatunge madzi akumwa pagombe, tisanatumize mawu kwa anzathu, tisanaloze chala mlendo wodutsa m'mudzi, tidzifunse ngati chimene tachigwiracho tachidziwadi kapena tangochiona patali monga mtambo wa nkhungu uja. Allah ndiye Wodziwa koposa.