Mwana akamadwala m'mimba Lolemba lililonse

Mwana wanu wa Sitandade 8 ku Kabwazi wadzuka akudandaula m'mimba ndi mutu. Kuchipatala amuyeza malungo koma sanawapeze. Loweruka akusewera mpira bwinobwino, Lolemba matenda abwereranso. Ambirife timati ndi ulesi. Komatu mwina ndi nkhawa.

Mwanayo sakunama ayi. Munthu akachita mantha, thupi limatulutsa adrenaline: mtima umagunda kwambiri, thukuta limatuluka, m'mimba mumapotokola. Mantha a kanthawi ngachibadwa. Vuto ndi pamene akhalitsa masabata ambiri mpaka mwana kulephera kugona, kudya kapena kupita kusukulu. Bungwe la WHO likuti mwa achinyamata asanu ndi awiri aliwonse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la maganizo, ndipo nkhawa ndi limodzi mwa mavuto ofala kwambiri.

Zoyambitsa sizisowa. Mayeso a MANEB ayandikira pomwe malo kusekondale ndi ochepa. Bambo ali ku Joni, foni sakuimba. Usiku makolo mukukangana za ngongole ya feteleza wa kachewere, mukuganiza kuti ana agona. Amamva zonse.

Mu 2025 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano la umoyo wa maganizo, kulowa m'malo mwa la 1948. Nzabwino, koma lamulo silifupikitsa mtunda. Akatswiri ngochepa, ndipo zipatala zikuluzikulu za matendawa zili ku Zomba ndi za St John of God ku Lilongwe ndi Mzuzu. Choncho woyamba kuona vutoli ndinu kholo, mlangizi wa zaumoyo kapena mayi wa mother group.

Musamukalipire kapena kumuseka pagulu. Mufunseni muli awiri, mwina mukusenda mbatata, kuti, "Chikukuopsa n'chiyani?" Kenako khalani chete, alankhule. Ngati wina akumuzunza kusukulu kapena panjira, yambani ndi zimenezo. Mtima ukamathamanga, pumani naye limodzi pang'onopang'ono. Koma musamulole kujomba chifukwa cha mantha okha, poti kuthawa kumakulitsa nkhawa. Muperekezeni, ndipo kambiranani ndi aphunzitsi.

Akayamba kudzipatula, kumwa mowa kapena kunena zoti kuli bwino afe, musadikire. Mufunseni mosabisa, kufunsa sikumupatsa maganizowo. Tsekerani mankhwala opopera mbewu, musamusiye yekha, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Akafunika thandizo loposa, amutumiza ku chipatala chachikulu cha Dedza. Nambala yaulere yothandiza ana ndi 116.