ZA MAKINA: Phokoso la m'wailesi ya galimoto

Eni magalimoto ambiri amathamangira kukagula wailesi yatsopano pamene yakale iyamba kusokosa pa nthawi ya nkhani za Cinyanja pa ZNBC Radio 1. Kawirikawiri ndalamazo zimangotayika, pakuti colakwa cimakhala m'galimoto momwemo, ndipo phokosolo limaulula lokha kumene licokera.

Woyendetsa ayambe waimika galimoto, azime injini ndi kumvetsera. Ngati mau amveka bwino, wailesi ilibe mlandu. Kenaka alize injini. Phokoso lothetheka ngati cimanga cokazinga, limene lifulumira poponda mafuta ndi kulekeratu pozima kiyi, licokera ku mapulagi, nthambo zake kapena koilo. Mumdima, nthambo yong'aluka imaoneka ikulavula timoto. Asaigwire injini ikulira, cifukwa mumadutsa mphamvu yoposa mavoti 10,000. Mankhwala ake ndi nthambo zatsopano ndi mapulagi oletsa phokoso, amene ambiri ali ndi cilembo R pa nambala yake.

Kulira kopyapyala ngati kwa udzudzu, kokwera ndi kutsika pamodzi ndi injini, ndi kwa alternator, cija cimadzaza batire. Malole a dizilo alibe mapulagi a moto, cotero pa iwo coyamba kuganizira ndi cimeneci. Kondensa imacepetsa kulirako, koma ngati kwayamba mwadzidzidzi pa galimoto imene inali cete, mwina diode ya m'kati yapsa ndipo batire silikudzala bwino. Nkwabwino kudziwira zimenezi ku Petauke kumene kuli amakanika, kusiyana ndi kuzizindikira usiku m'mapiri a pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa, matumba a cimanga ali kumbuyo. Pa batire la mavoti 12, makanika ayenera kupeza mavoti 14 kapena pafupi pamenepo injini ikulira. Cizolowezi ca ena cocotsa nthambo ya batire injini ikuyenda, ati kuyesa alternator, ndico cimene cimaiononga.

Mawaipa, fani, tchaja ya foni ndi mababu ochipa a LED nazonso zimasokosa. Azizime cimodzicimodzi kufikira wopalamula apezeke.

Pomaliza azule waya wa eriyo kumbuyo kwa wailesi. Phokoso likapitirira, ndiye kuti likulowera ku waya wa magetsi. Likaleka, likudzera ku eriyo, ndipo apale dzimbiri pamene tsinde lake likhudza citsulo ca galimoto ndi kumangitsa bwino. Koma phokoso longobwera podutsa pansi pa nthambo za ZESCO si la galimoto, ndipo limatha lokha ulendo ukapitirira.