Chaka chathunthu ku UNZA osagwirapo sipanala

Mwana akatsika basi pa Intercity kuchokera ku Petauke, n'kunena kuti wabwera kudzaphunzira uinjiniya ku UNZA, sadziwa kuti chaka choyamba chonse uinjiniyawo sadzauona. Kwa zaka zambiri njira yakhala yomweyo: uyambe ku School of Natural Sciences ndi masamu, physics, chemistry ndi biology, pamodzi ndi ofuna udokotala, migodi ndi ulimi. Mamaki akakwana, chaka chachiwiri ulowa ku School of Engineering. Akapanda kukwana, upita kumene kwatsala malo.

Ine ndikuti chaka chimenechi ndi sefa chabe. Chimasankha odziwa kuloweza mapepala a mayeso akale, ndiponso chimakondera amene anachokera kusukulu yokhala ndi labu. Mtsikana wa ku Chelstone amene anakula akukonza mawailesi ndi atate ake angagwe pa biology, n'kutha. Palibe amene adzamufunse zimene manja ake adziwa.

Akuluakulu adzati popanda masamu mlatho ugwa. Zoona, ndipo palibe amene akunena kuti achotse masamu. Koma munthu amamva calculus msanga akaona madzi akukana kuyenda mu ngalande, ndipo ngalande zotere mu Lusaka sitisowa. Mvula ikagwa, Kanyama imasefukira. Mu January 2024 kolera inavuta mpaka National Heroes Stadium inasanduka chipatala ndipo masukulu anachedwa kutsegula. Chaka chomwecho madzi atachepa ku Kariba, malaiti anali kupita pafupifupi tsiku lonse. Zonsezi ndi ntchito za mainjiniya, koma mwana wa chaka choyamba amazimva pa Facebook monga wina aliyense.

Chondipweteka kwambiri ndi Kalingalinga. Ili pafupi ndi yunivesite, ulendo wa pansi. M'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata anyamata amawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo tsiku lililonse, ambiri opanda pepala lililonse. Iwo adziwa mmene chitsulo chimapindikira chikatentha kwambiri. Wophunzira wathu adziwa fomyula yake, koma chitsulocho sanachigwirepo. Kodi chovuta n'chiyani kuti awiriwa akumane?

Maphunzirowa amatenga zaka 5, ndiye musatiuze kuti nthawi palibe. Ofuna uinjiniya alembedwe ku School of Engineering kuyambira tsiku loyamba. Maola a biology apite ku wekishopu. Gulu lililonse la ophunzira lipatsidwe vuto limodzi la mu komboni: kuyeza kutsika kwa ngalande, kulumikiza sola yopopa madzi, kupima madzi a pachitsime. Mamaki achokere pa chinthu chogwira ntchito, osati pa mayeso okha. Wekishopu imadya ndalama, inde, koma mita yoyezera magetsi ndi tepi yopimira sizigulidwa ndi ngongole ya boma.

Ndipo a Engineering Institution of Zambia, amene amalembetsa mainjiniya m'dziko muno, asangodikira anawa pa tsiku la graduation. Apite ku Great East Road Campus akaone okha ndandanda ya maphunziro a chaka choyamba.