McLaren asatayenso chikho ngati 2007

Magaye a Formula 1, tamvani. Mu 2025 panalibe galimoto yothamanga ngati ya McLaren, chikho cha matimu anatengeratu ku Singapore. Koma cha madalaivala chikanatha kuwapulumuka ku Abu Dhabi.

Kumapeto kwa Ogasiti Verstappen anatsalira ndi mapointi 104. Mpikisano wa ku Abu Dhabi usanachitike Norris anali ndi 408, Verstappen 396, Piastri 392. Zatheka bwanji? Ku Las Vegas magalimoto onse awiri anawachotsa pa zotsatira chifukwa thabwa la kunsi linaperepeseka, silinakwane mamilimita 9 a lamulo. Ine wokonza mainjini a maboti sindingati limenelo ndi tsoka ayi, amakaniko anaitsitsa kwambiri galimoto pofuna liwiro. Ku Qatar nako safety car itatuluka, pafupifupi onse analowa kukasintha matayala, iwo n'kumangozungulira.

Zoti "tonse ndife ofanana" zinayenera kutha kaye. Norris ankangofunika kumaliza pa nambala 3 kuti chikho chikhale chake. Verstappen akanakhala kuti akutsogola, Piastri ali pa 3, Norris pa 4, anayenera kumuuza Piastri apatuke basi. Mu 2007 Hamilton ndi Alonso analimbana okhaokha, aliyense 109, Räikkönen wa Ferrari n'kunyamula ndi 110.