Kuvala Masiki Maola Ambiri: Zimene Kumachita M'thupi la Ogwira Ntchito Zachipatala

Lamulo lokakamiza anthu kuvala masiki m'dziko la Zimbabwe linayamba mu Meyi 2020. Pofika Meyi 2023, pamene bungwe la WHO linalengeza kuti COVID-19 salinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, anthu ambiri anali atawasiya kale. Koma ogwira ntchito m'zipatala za ku Kadoma ndi Chegutu sangawasiye. Dera limeneli ndi la migodi ya golide, monga wa Cam and Motor ku Eiffel Flats ndi ya ku Chakari. Fumbi la m'migodi limawononga mapapo, ndipo munthu wotero sachedwa kudwala chifuwa chachikulu, nthenda imene imafala kudzera mumpweya. Choncho namwino amene amalandira odwala otsokomola afunika masiki a N95 chaka chonse, kuli mliri kapena kulibe.

Zimene ofufuza anapeza

Madandaulo a anamwino ndi madokotala pa nkhaniyi ali ndi umboni. Mu 2020, ofufuza a ku Singapore anafunsa ogwira ntchito zachipatala 158, ndipo 128 mwa iwo ananena kuti anayamba kumva mutu chifukwa cha masiki a N95 ndi magalasi oteteza maso. Vutoli linali lalikulu kwa amene ankavala zinthuzi maola opitirira 4 patsiku. Chaka chomwecho, kafukufuku wa ku Hubei m'dziko la China anapeza kuti mwa ogwira ntchito 542, anthu 97 pa 100 alionse anali ndi vuto la pakhungu. Malo ovulala kwambiri anali pamwamba pa mphuno, makamaka kwa ovala masiki maola opitirira 6.

Zifukwa zake n'zodziwika. Kuti N95 igwire ntchito iyenera kuthina, osasiya mpata. Zingwe zake zimafinya minyewa ya m'mutu, ndipo kachitsulo ka pamphuno kamakanikiza khungu pafupa mpaka kuyambitsa chilonda. M'kati mwa masiki mumasonkhana thukuta, mafuta a pakhungu ndi chinyezi cha mpweya, zimene zimabweretsa ziphuphu, zidzolo ndi kuyabwa. Masiki wamba okoleka m'makutu amatupitsa ndi kusupula khungu kuseri kwa khutu. Kuwonjezera apo, munthu amene sangavule masiki samwa madzi mokwanira, ndipo m'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala ludzu lokhalo limayambitsa mutu ndi chizungulire.

Zimene masiki sachita

Pa nthawi ya mliri panafala mphekesera yakuti masiki amamana munthu mpweya wa okosijeni. Bungwe la WHO linatsutsa zimenezi: masiki ovalidwa bwino sachepetsa okosijeni m'magazi ndipo sachititsa kuti mpweya woipa uunjikane m'thupi mpaka kuvulaza. Munthu angamve kubanika ndi kutentha, koma chimene chikuvutika ndi khungu ndi mutu, osati mapapo. Kusiyanitsa zimenezi n'kofunika, chifukwa namwino amene wakhulupirira mphekeserayi amatsitsira masiki kuchibwano pamaso pa wodwala amene angampatsire matenda.

Gwero la vuto ndi maola

Umboni wonsewu ukuloza chinthu chimodzi: kutalika kwa nthawi. Ndipo nthawiyo siili m'manja mwa namwino. Mu Malichi 2020 anamwino ndi madokotala a m'zipatala za boma ananyanyala ntchito chifukwa chosowa zodzitetezera, ndipo mu Epulo Khoti Lalikulu linalamula boma kuti lizipereka zinthuzi, bungwe la madokotala la ZADHR litakasuma. Masiki akachepa, munthu amavala imodzimodzi mpaka kunyowa. Antchito akachepa, palibe wolowa m'malo kuti mnzake akapume. Mu 2023 bungwe la WHO linaika Zimbabwe pa mndandanda wa mayiko amene akusowa kwambiri ogwira ntchito zachipatala, pamene anamwino ambiri akupita kukagwira ntchito kunja. Otsalawo ndi amene amakhala m'masiki maola ochuluka. Mutu umodzi susenza denga: zilonda za pamphuno sizingathe ndi khama la namwino yekha ngati oyang'anira zipatala sakonza ndandanda ya ntchito.

Zoyenera kuchita

Ogwira ntchito:
- Vulani masiki kwa mphindi 15 pakatha maola 4 alionse, mutasamba m'manja, pamalo opita mphepo ndi opanda odwala. Imwani madzi nthawi yomweyo.
- Sinthani masiki akanyowa kapena akada.
- Sambani kumaso ndi sopo wosawawa, ndipo dzolani mafuta opepuka nthawi ikadalipo kuti alowe m'khungu. Mafuta olemera ngati Vaseline angachititse N95 kutsetsereka n'kusiya mpata.
- Musamasule zingwe za N95 pofuna kuchepetsa ululu. Pemphani ya kukula kwina.
- Khungu likang'ambika, kapena mutu ukapitirira ngakhale mwavula masiki, kaonaneni ndi dokotala ndipo dziwitsani wokuyang'anirani.

Oyang'anira zipatala:
- Lembani nthawi yopuma m'ndandanda ya ntchito, ndipo pakhale wolowa m'malo.
- Gulani masiki a misinkhu yosiyanasiyana, popeza nkhope sizifanana.
- Onetsetsani kuti mazenera a zipinda zodikirira ndi otsegula, ndipo odwala otsokomola apatsidwe masiki n'kuonedwa msanga.