Klorini 35.5: hafu ija imacokela kuti?

Sabata yatha mng'ono wanga wa Giredi 11 ananifunsa cifukwa cake pa tebulo ya maelementi klorini ili na 35.5, pamene okosijeni ili na 16 cabe. Anati atica anawauza kuti angoloweza, mayeso ali pafupi. Sin'nadabwe. Inenso n'naloweza conco, n'napasa, koma sin'nadziŵe cimene n'nalemba.

Ine nikuti kuloweza kumeneku kumatibela cinthu cosavuta. Mvelani.

Atomu iliyonse ya klorini ili na mapulotoni 17. Mukacotsapo imodzi, basi si klorininso. Koma manyutroni amasiyana: maatomu ena ali na 18, ena 20. Mukawonkhetsa mupeza klorini-35 na klorini-37. Ana a mimba imodzi, wina wonenepako pang'ono. Amenewa ndiwo maisotopu, dzina limene Frederick Soddy wa ku Britain anayamba kuseŵenzetsa mu 1913.

Lomba ganizilani amayi a pa msika ali na matumba anayi a nyemba. Atatu alema makilo 35 lililonse, limodzi 37. Onse pamodzi ni 142. Gaŵani pa 4, mupeza 35.5. Kodi pali thumba lolema 35.5? Palibe. Klorini nayo ni cimodzimodzi: pa maatomu anayi alionse, pafupifupi atatu ni a 35, imodzi ni ya 37. Hafu ija ni avaleji. Kulibe atomu yodulidwa pakati. Mng'ono wanga anamvetsa nsima isanapse n'komwe.

Ena adzati zimenezi zilibe nchito kwa munthu amene sadzakhala dokota. Koma klorini imeneyi ni ija timathila m'madzi nthawi ya kolela. M'kabotolo kamene kaja muli maisotopu onse aŵili, ndipo onse amapha tuzilombo mofanana, cifukwa khalidwe la elementi limatsatila mapulotoni na maelekitironi, osati manyutroni.

Nkhani imakula tikafika pa kobati. Amene amakumbidwa ku Copperbelt ni kobati-59, wofatsa, alibe vuto la ceza. Mukamuika mu riyakita n'kulandila nyutroni imodzi, asanduka kobati-60, amene amatulutsa ceza camphamvu cimene madokota amaseŵenzetsa potentha khansa. Nyutroni imodzi cabe. Pa wailesi, tikangochula liwu lakuti “nyukiliya”, oimba foni ambili amaganiza za mabomba. Sinimawaimba mlandu. Palibe anawauzapo kuti maisotopu ambili amene tili nawo m'thupi, m'madzi na m'cakudya ni okhazikika, ndipo oŵelengeka cabe ndiwo amatulutsa ceza. Munthu wotele akauzidwa ku cipatala kuti amake afunika cithandizo ca ceza, angathaŵe nawo kupita kumudzi.

Atica, nidziŵa silabasi ni yaitali ndipo kalasi ni yodzala. Koma matumba anayi a nyemba safuna labu. Afuna coko na mphindi zisanu.