Musamusiye kuti agone, mwina akutsirizika

Pa 31 Ogasiti chaka chilichonse maiko ambiri amakumbukira anthu amene anamwalira chifukwa chomwa mowa kapena mankhwala mopyola muyezo. Mwambowu unayambira mumzinda wa Melbourne ku Australia m'chaka cha 2001. Kuno kunyanja tsikuli limadutsa mwakachetechete, ndipo n'zosadabwitsa, pakuti imfa yotere kwathu kuno ilibe dzina. Mnyamata akapezeka m'mawa atazizira pamphasa, uthenga umene umafika kumzikiti ndi woti wamwalira mwadzidzidzi. Ena amati ndi BP, ena amanong'onezana za ufiti. Amasambitsidwa, kukulungidwa m'sanda, kuswaliridwa janaza ndi kuikidwa dzuwa lisanalowe, pamene kabotolo kamene kanali kumutu kwake katayidwa kale m'chimbudzi. Anzake amene ankamwa naye amanyamula nawo jeneza, ndipo amabwerera kudoko osadziwa chimene chamutenga mnzawoyo.

Palibe Msilamu amene akufunika kuuzidwa kuti zoledzeretsa ndi haraam. Mwana wa kumadrasa amadziwa zimenezo asanamalize juzu yoyamba. Funso limene tikufuna tiliyang'ane ndi lina: m'bale wathu akagwa kale m'dzenjemo, nanga ife amene tili kunja tizitani?

Tiyambe ndi kutchula zimene zili m'midzi yathu. Kachasu ndi chamba n'zakalekale. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti m'chaka cha 2015, koma mowawo unangosintha chovala n'kulowa m'timabotolo totsika mtengo. Lamulo la chamba la 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo amene ali ndi chiphaso. Kusuta kukadali mlandu, ngakhale anyamata ena amalimva mwina. Chimene makolo ambiri sanachizindikire ndi mankhwala a kuchipatala amene asanduka choledzeretsa: mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, mapilisi opha ululu a tramadol, ndi ogonetsa a diazepam. Zimenezi sizinunkha m'kamwa. Mnyamata atha kuzimwa n'kudzaima pamzere wa swala popanda womudziwa, ndipo ena amadzinamiza kuti popeza ndi mankhwala, si khamr. Chilichonse chophimba nzeru chili m'gulu lomwelo, kaya chagulidwa kumowa kaya kufamase. Palinso ana athu a ku Mangochi, Machinga ndi Salima amene amapita kukasaka ganyu ku Johannesburg ndi ku Durban, kumene kuli nyaope, chisakanizo chosutidwa chimene mkati mwake muli heroin. Si onse amene amabwerako ndi malata ndi njinga yamoto.

Tiyenera kumvetsa mmene zinthuzi zimaphera. Mowa, codeine, heroin ndi diazepam zimafooketsa mbali ya ubongo imene imalamula kupuma. Munthu akazimwa zambiri, makamaka akaziphatikiza, mpweya wake umayamba kuchedwa mpaka kuleka ali m'tulo. Njira yachiwiri ndi masanzi: woledzera wogona chagada akasanza, masanziwo amabwerera kummero n'kulowa m'mapapo. Tramadol payekha amathanso kugwetsa munthu ngati wakhunyu. Imfa zotere nthawi zambiri sizibwera kamodzin'kamodzi. Zimatenga nthawi, mwina maola, anthu ali m'nyumba momwemo akumva mkonono n'kumati msiyeni agone, mowa ukatha adzuka.

Mawu amenewo ndiwo tikufuna achoke m'makomo mwathu. Wogona tulo wamba ukamugwedeza ndi kumutchula dzina amayankha, ngakhale mong'ung'udza. Amene sakuyankha ngakhale mutamutsina mwamphamvu sali m'tulo, wakomoka. Munthu wamkulu amapuma kuyambira ka 12 mpaka ka 20 pamphindi imodzi. Ikani dzanja pachifuwa pake muwerenge. Ngati akupuma patalipatali, ngati mkononowo ukumveka ngati madzi akubwata kummero, ngati milomo, nkhama ndi zikhadabo zatuwa ngati phulusa, thupi lazizira, kapena timwana ta m'maso tachepa ngati nsonga ya singano, nthawi yoitana achibale kuti mukambirane palibe. Mugonekeni cham'mbali, bondo lam'mwamba litapindidwa kuti asagudubuzike, chibwano chitakwezedwa pang'ono, kukamwa kutaloza pansi. Mmodzi akhale naye, wina athamangire galimoto kapena boti. Musamuthire madzi ozizira, musamumwetse mkaka, tiyi kapena madzi a mchere, musamupise chala kukhosi kuti asanze, pakuti wokomoka sameza ndipo mudzangomutsamwitsa. Tengani botolo kapena pepala la mapilisi amene wamwa mukawaonetse achipatala. Pali mankhwala otchedwa naloxone amene amabwezeretsa kupuma kwa amene wapyoza muyezo wa codeine kapena heroin, koma sagwira ntchito pa mowa, ndipo mphamvu yake imatha msanga, choncho wodwala akatsitsimuka asathamangire kunyumba. N'chifukwa chake dokotala afunika kuuzidwa zoona.

Pali zina ziwiri zimene zimanyenga. Mowa wosakanizidwa ndi sipiriti wa methanol umaoneka ngati wadutsa bwinobwino, koma patapita theka la tsiku kapena tsiku lathunthu munthu amayamba kuona mwachimbuuzi, kumva m'mimba ndi kupuma mwawefuwefu. Ameneyo apite kuchipatala pompo pamodzi ndi onse amene anamwa naye, maso ndi moyo zisanapite. Chinanso ndi panado: womwa mapilisi ambiri nthawi imodzi amatha kuyenda ndi kuseka tsiku loyamba pamene chiwindi chikuwonongeka.

Tikudziwa chimene chimachedwetsa mabanja. Ndi manyazi. Bambo amene amaswali pamzere woyamba safuna kuti anamwino, amene mwina ndi a m'mudzi womwewo, amve fungo la kachasu pa mwana wake. Ndipo ena amadzitchinjiriza ndi chiphunzitso choona, choti amene wabisa cholakwa cha Msilamu mnzake Allah adzamubisira zake. Koma kubisa kumene tinalamulidwa ndi kotseka pakamwa pa miseche, kuti tchimo la munthu lisakhale ndiwo za pabwalo. Dokotala si bwalo. Kumubisira dokotala n'kumulanda wodwalayo mwayi wodzalapa, pakuti khomo la toba limatsekeka mzimu ukafika pakhosi. Sura ya Al-Ma'idah, ndime 32, imayerekeza kupulumutsa moyo umodzi ndi kupulumutsa anthu onse, ndipo sinapatule moyo wa woledzera.

Pankhani yosiya, alaliki ayenera kusamala lilime. N'kosavuta kuima pamimbari tsiku la Ijumaa n'kunena kuti leka lero lomwe. Kwa amene amalawa mwa apo ndi apo, mawuwo ndi olondola. Koma munthu amene wamwa kachasu tsiku ndi tsiku kwa zaka, thupi lake lazolowera moti akaleka mwadzidzidzi amayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta tsiku lomwelo, atha kugwa khunyu m'masiku awiri oyamba, ndipo cha pa tsiku lachitatu ena amasokonezeka mutu n'kumaona zinthu zimene palibe. Abale akaona zimenezi amati ndi majini. Si majini, ndi thupi lomwe likulira mowa, ndipo vutoli limapha ngati salandira chithandizo. Woteroyo asiyire mowa m'manja mwa achipatala. Pazipatala za maboma pali anamwino a matenda a m'maganizo, kuli chipatala cha Zomba Mental, kulinso a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amene amathandiza ofuna kusiya mowa ndi mankhwala. Kuwerengera wodwala Qur'an ndi kumupangira dua kupitirire, koma kuchitikire pambali pa bedi la chipatala.

Allah Mwini, amene amadziwa chimene analenga, sanauchotse mowa pakati pa maswahaba tsiku limodzi. Mu Al-Baqarah ndime 219 anayamba ndi kuwauza kuti kuipa kwake kumaposa phindu lake. Mu An-Nisa ndime 43 anawaletsa kuyandikira swala ali oledzera, ndipo popeza swala ndi zisanu patsiku, mpata womwera unachepa wokha. Chiletso chotheratu chinadza mu Al-Ma'idah ndime 90 ndi 91, anthu ali ku Madina, patapita zaka zambiri chiyambireni chivumbulutso. Mayi Aisha (Allah asangalale nawo) anafotokoza kuti chikhala chiletsocho ndicho chinayamba kutsika, anthu akanakana. Sitikunena kuti lamulolo labwerera m'mbuyo. Mowa ndi haraam lero kwa aliyense. Tikunena kuti mtima unayamba wamangidwa, ndipo anthu anausiya mowawo ali gulu, wina akuona mnzake akukhuthula mitsuko mumsewu.

M'buku la Hadith la Imam Bukhari muli nkhani ya swahaba wina dzina lake Abdullah, amene ankakonda kuseketsa Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale kwa iye). Anagwidwa ndi mowa kangapo ndipo analangidwa. Tsiku lina munthu wina atatopa naye anamutemberera, koma Mtumiki analetsa, nachitira umboni kuti munthuyo amakonda Allah ndi Mtumiki wake. Pa nkhani ina yofanana nayo anachenjeza anthu kuti asathandize Satana kugonjetsa m'bale wawo. Taonani kuti chilango chinalipo, koma munthuyo sanachotsedwe pagulu. Kumbukiraninso Abu Mihjan wa fuko la Thaqif, amene Sa'd ibn Abi Waqqas anamumanga maunyolo chifukwa cha mowa pa nthawi ya nkhondo ya Qadisiyyah. Anapempha mkazi wa Sa'd kuti amumasule, anakamenya nkhondo mwamphamvu, nabwerera yekha kumaunyolo ake monga analonjezera. Sa'd atamva anamumasula, ndipo Abu Mihjan analumbira kuti sadzamwanso. Chimene maunyolo analephera chinatheka pamene munthuyo anapatsidwanso ulemu wake.

Alipo amene anganene kuti kufewa kotereku kudzalimbikitsa achinyamata ena kuyamba. Nkhawayo ndi yomveka, ndipo ukali uli ndi malo ake. Upite kwa wotcheza, kwa wogulitsa timabotolo pafupi ndi sukulu, kwa mwini sitolo wogulitsa tramadol popanda kalata ya dokotala, amene ayenera kunenezedwa kupolisi ndi ku bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA. Upitenso kwa mwini chilimira amene amalipira anyamata ake ndi mowa kuti apirire mphepo ya usiku, kenako n'kudabwa wina akagwera m'madzi nthawi ya mwera. Koma amene wabwera yekha kudzanena kuti ndatopa, ndithandizeni, kumuthamangitsa n'kumubweza kwa anthu okhawo amene amamulandira ndi manja awiri.

Tsono pali nthawi imodzi yoopsa imene tikupempha banja lililonse liidziwe. Munthu akaleka kwa milungu ingapo, thupi lake limaiwala muyezo umene linazolowera. Akadzagwanso n'kumwa monga ankamwera kale, muyezo womwewo utha kumupha. Izi zimachitikira otuluka kundende, otuluka m'chipatala, ndi obwera kuchokera ku Joni amene akhala masiku osapeza chimene ankasuta. Kwa ife pali nthawi inanso: Ramadhan. Anyamata ambiri amayesetsa ndithu kudzigwira mwezi wonse, amafika ku tarawehe, makolo n'kuyamba kupuma. Kenako usiku wa Eid anzawo amawadikira kugombe. Masiku oyamba a Shawwal ndiwo ofunika kuti malume, amene ndiye mwini mbumba, akhale pafupi ndi mphwake, ndipo amuuze mosabisa kuti thupi lake silili monga linalili mwezi wapitawo. Kumuuza zimenezi si kumuloleza kumwa. N'kufuna kuti akapunthwa adzuke ali moyo.

Ndipo kupunthwa kudzakhalapo. Ambiri amene anasiyiratu anayamba agwa kawiri kapena katatu. Ozolowera nkhaniyi anaona kalekale kuti amene amamugwira dzanja bwino wosiya mowa ndi mnzake amene anadutsa njira yomweyo. Pamfundo imeneyi ndi pamene panayambira gulu la Alcoholics Anonymous ku America m'chaka cha 1935, ndipo Asilamu a mumzinda wa Baltimore anayambitsa lawo lotchedwa Millati Islami m'chaka cha 1989, lotsamira pa Qur'an ndi Sunnah. Ife sitikusowa nyumba kapena ndalama za kunja kuti tichite zofanana. Chipinda cha madrasa chimakhala chopanda anthu ikatha swala ya Isha. Anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi atha kumakumana mmenemo kamodzi pamlungu, ndi lamulo limodzi lolimba, loti zolankhulidwa mmenemo zisatuluke pakhomo. Shehe akhalepo ngati womvetsera, ulaliki ausungire Ijumaa. Mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo aitanidwe adzaphunzitse komiti ya mzikiti ndi amayi a dawa kagonekedwe kam'mbali kaja, aliyense ayeserere ndi manja ake.

Amayi ndi akazi a anthu amenewa asaiwalike, pakuti ndiwo amatsegula chitseko pakati pa usiku, ndiwonso amamenyedwa. Kupirira kumene chipembedzo chimayamikira sikutanthauza kuti mkazi akhale chete pamene moyo wake ndi wa ana uli pangozi. Abale ake ndi a mzikiti amuteteze kaye, chithandizo cha mwamunayo chibwere pambuyo pake. Ndipo alipo atsikana ndi amayi amene nawonso agwidwa ndi mapilisi ogonetsa, amene manyazi awo ndi owirikiza. Iwowa afunika gulu lawolawo, lotsogoleredwa ndi amayi anzawo.

Chotsalira ndi manja. Msodzi amalandira ndalama yake m'mawa padoko, pamalo pomwepo pamene ogulitsa akumudikira, ndipo masana onse alibe chochita kufikira boti lidzanyamukenso madzulo. Wosiya kumene avomere kuti kwa miyezi ingapo ndalamayo izilandiridwa ndi mkazi wake kapena malume ake, ndipo eni maboti amene ndi Asilamu anzathu athandize zimenezo. Amalonda athu a usipa, akalipentala ndi okonza injini za maboti atenge mmodzimmodzi kuti masana awo adzaze. Komiti ya mzikiti ipatule kandalama pa swadaka ya Ijumaa kolipirira ulendo wa kuchipatala, ndipo nambala ya woyendetsa galimoto amene wavomera kudzutsidwa usiku ilembedwe pakhoma pafupi ndi ndandanda ya nthawi za swala.